Ambulera ya Anthu Awiri

Panali mayi wina wachitsikana, dzina lake Nachanza, amene ankakhala ndi mwamuna wake kutsidya kwa dambo, kutali ndi msewu. Mwamunayo anali Wedisoni, wokonza njinga. Anali munthu wa luso la manja. Akaona chinthu chothyoka, maso ake ankawala ngati waona nyama. Awiriwa anali ndi mwana mmodzi wa miyezi isanu ndi iwiri, dzina lake Sungeni.

Chaka chimenecho mvula inachuluka. Chimanga chitamasula ngayaye, Sungeni anadwala chibayo, ndipo anagonekedwa m'chipatala masiku anayi. Nachanza sanachoke pambali pa bedi. Ankangoyang'ana kachifuwa ka mwanayo kakukwera ndi kutsika. Tsiku lotuluka, namwino anamugwira dzanja n'kumuuza mosapita m'mbali.

"Mubwere naye Lachinayi m'mawa tidzamuonenso. Mubwere nonse awiri, inu ndi bambo ake, kuti malangizo mudzamvere limodzi. Koma mwana uyu asanyowe. Ndipo musamukulunge m'chipepala cha pulasitiki monga amachitira ena. Chifuwa chake chikufuna mpweya."

Kuchipatalako unali ulendo wa maola awiri wapansi. Njinga sinkathandiza, chifukwa dothi la makande likanyowa limagwira matayala ngati ulimbo. Ambulera yawo inali itathyoka ndi mphepo tsiku lomwe ankathamangira ndi mwana kuchipatala, n'kutsala mafupa okhaokha. Msika woti n'kugulako ina unkachitika Loweruka. Ndipo mvula ya sabata imeneyo inali ndi khalidwe limodzi: inkayamba m'mamawa, n'kudzakata dzuwa lili pamutu.

Lolemba masana Nachanza anagoneka mwana pamphasa m'nyumba, n'kukhala pakhonde akuyang'ana mitambo. Wedisoni anali atagwira mafupa a ambulera ija, akuwatembenuza uku ndi uku. Mwadzidzidzi anawaponya pansi n'kuimirira.

"Amake Sungeni! Tabwerani kuno. Imani apa."

"Kwagwanji?"

"Namwino anati tipite angati?"

"Awiri."

"Ndiye ndipanga ambulera ya anthu awiri. Osati tiambulera ta kumsika tophimba khutu limodzi. Ambulera yeniyeni! Imani pafupi ndi ine. Sunthirani kuno. Mukuopa chiyani, ndine mlendo?"

Nachanza anayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati pali wowaona, kenako anaima pambali pa mwamuna wake, phewa kukhudza phewa. Wedisoni anatenga kamtengo n'kujambula pansi mzere wozungulira mapazi awo. Anawonjezera chikhatho chimodzi kumanja, china kumanzere, china kutsogolo, china kumbuyo. Chojambulacho chinatuluka chachitali m'mbali, ngati nyemba yogona chopingasa.

"Mwaona? Dontho ngakhale limodzi silikupezani."

Nachanza anaseka ataphimba pakamwa. Mtima wake unadumpha ngati wa namwali. Pa ukwati wawo panalibe ambulera. Chikwatirane chawo anali asanayendepo phewa ndi phewa anthu akuona, pakuti kwawoko mwamuna amatsogola, mkazi n'kumatsatira. Tsopano anadziona m'maganizo akudutsa pakati pa mudzi pansi pa denga limodzi ndi mwamuna wake, amayi anzake atasuzumira m'mawindo.

Lachiwiri Wedisoni analawirira kumtsinje mvula ikugwa, n'kubwera ndi nsungwi zitatu paphewa. Njinga za anthu anazikankhira kumbali. Anang'amba nsungwizo, n'kuzipala ndi mpeni mpaka zitasalala. Imodzi yolimba anaisandutsa mtanda, wotalika monga chojambula chija. Zopyapyala anazipinda pamwamba pa mtandawo ngati nthiti, n'kuzungulitsa ina m'mphepete monga amachitira oluka lichero. Mfundo iliyonse anaimanga ndi mphira za chubu chakale. Ankagwira ntchito akuimba mluzu.

Nachanza naye sanakhale. Anachapa matumba awiri a feteleza, omwe anatsala m'nyumbamo, aja okhala ndi pulasitiki mkati. Anawatumbula n'kuwayanika pakhonde. Wedisoni anamunolera sipoko ya njinga kuti ikhale singano, n'kumusololera ulusi wa m'tayala lakutha. Nachanza anasoka mosamala, msoko wothinana ngati wa telala. Mwamuna wake anadzamata pamsokopo ndi zigamba za chubu, monga amamatira tayala lophulika.

Chomaliza chinali chogwirira. Wedisoni anatenga chingwe, n'kuyeza mtanda kuchoka nsonga ina kufika ina, n'kupinda chingwecho pawiri.

"Pakati penipeni," anatero. "Theka lanu, theka langa. Pasadzakhale wodandaula."

Anamangirira ndodo pamenepo ndi mphira, nganganga.

Nthawi yonseyi panali munthu amene sankasowa pabwalopo. Anali Felesiya, msuweni wake wa Wedisoni, mayi wa pakamwa posatseka. Monga amachitira asuweni, iye ankamutcha Wedisoni mwamuna wake, Nachanza n'kumamutcha mkazi mnzake.

"Amuna anga, chimenechi ndi chiyani? Mwayamba kumanga tchalitchi?"

"Dikirani muone."

"Kapena ndi khola la nkhunda? Mkazi mnzanga, samalani, akutsekerani m'menemo."

"Nsanje basi," anatero Wedisoni. "Amuna anu enieni aja angapange chotere? Ngakhale mpini wa khasu amachita kupempha."

"Nanga chikatha ntchito mudzachipinda bwanji?"

"Denga la nyumba yanu mumalipinda?"

Lachitatu mvula inakata msanga. Dzuwa linawala, pabwalo panauma pamwamba. Ambulera inali itatha. Inali yoyera mbee, yotukuka pamsana ngati kamba, zilembo za pathumba zitayang'ana chadodolido. Wedisoni anainyamula n'kuzungulira nayo nyumba kawiri. Mbiri inamveka mudzi wonse, ndipo anthu anabwera, ena atanyamula makasu, ena mitsuko ili pamutu.

"Chinthu sichitamandidwa chisanayesedwe," anatero Wedisoni. "Felesiya, kwerani pangolo apo. Tengani kheni iyi. Lero inu ndinu mvula."

Felesiya anakwinya chitenje n'kukwera pangolo imene inaima pafupi ndi nkhokwe. Anamupatsira kheni yothirira mbewu kudimba, yodzaza madzi. Wedisoni ndi Nachanza anaima pansi pake, phewa ndi phewa, mwamuna atagwira ndodo pakati.

"Mvula yanji mukufuna? Yowaza kapena ya mabingu?"

"Ya mabingu!"

Felesiya anagunda kheni ndi chibakera, n'kulira ngati bingu, kenako anapendeketsa. Madzi anagwa pamatumba aja kuti waa! Nachanza anatsinzina, mapewa atakwera, akudikira kuzizira pakhosi. Sikunabwere. Pamwamba pa mutu wake pankangomveka ngati ng'oma. Anatsegula maso n'kuona madzi akutsika m'mphepete ngati nsalu yowala, iye ali mkati mouma gwaa.

Kheni itatha, anatuluka. Anthu anawagwiragwira malaya. Panalibe ponyowa. Amayi anaimba nthungululu. Bambo wina wachikulire anavula chipewa n'kuchiponya m'mwamba. Wedisoni anakweza ambulera ija n'kuyamba kuvina nayo, mapazi akupalasa fumbi, anthu akuwomba m'manja. Ngakhale Felesiya anavomereza ali pangolo pomwepo.

"Amuna anga, lero ndagonja. Mawa ndisamukira kwanu!"

Nachanza ankaseka nawo. Koma Nachanza anali munthu wa maso. Pamene ena ankayang'ana kumwamba, iye anamva kuzizira pazidendene, ndipo anayang'ana pansi.

Madzi otsika m'mphepete mwa ambulera anali atakumba mzere wa timaenje m'fumbi, monga amachitira madzi a denga kuseri kwa nyumba. Mapazi ake anali atadinda pakati. Kuchoka pachidendene chake kufika pamzere wa timaenjewo panali chikhatho chimodzi chokha.

Anapititsa dzanja kumsana. Kunalibe kanthu. Sungeni anali m'nyumba, pamphasa. Lolemba lija poyeza analinso pamphasa.

Kuseka kunamuthera. Iye ankadziwa mmene mwana amakhalira kumbuyo. Akagona, kamutu kamagwera chagada, kutali ndi msana wa mayi ake. Chikhatho chimodzi sichikwana. Madzi onse a theka la dengalo akanasonkhana n'kutsikira malo amodzi, paliwombo pa mwana wake. Bola kuyenda popanda ambulera n'komwe.

Anayang'ana mwamuna wake akuvina. Masiku awiri munthuyu sanapume. Zala zake zinali ndi mabala a nsungwi. Ndipo kwawoko mkazi sadzudzula mwamuna pagulu; zimenezo anamulangiza asanalowe m'banja. Anaganiza zodikira kuti anthu abalalike. Koma dzuwa linali litapendeka, mawa lake linali Lachinayi, ndipo iye ankamudziwa bwino mwamuna wake. Mawu okha sankamutembenuza. Akanangoti, "Simunaone nokha? Tinatuluka ouma." Munthu wa manja amakhulupirira chimene wagwira.

Panalinso china chimene chinkamukoka mtima. Ulendo uja wa phewa ndi phewa ankaufuna. Mawu ena mumtima mwake ankati, "Udzamufunditsa zitenje ziwiri, palibe chidzachitike." Koma anakumbukira kachifuwa kaja kakukwera ndi kutsika m'chipatala, ndi kaphokoso kamene kankamveka mwana akamapuma.

Analowa m'nyumba. Sungeni anali m'tulo, manja atatambasula. Pakona panali dzungu loyamba la chaka chimenecho, limene anathyola dzulo lake. Analinyamula n'kuliyeza m'manja. Anatenga kachipewa koluka ka Sungeni n'kuliveka kunsonga. Kenako anawerama, n'kuliika kumsana, n'kulibereka ndi chitenje, kachipewa katatulukira pamwamba monga mmene mwana amatulukira.

Anatuluka akudzigwedeza pang'onopang'ono, dzanja likusisita kumbuyo.

Anthu ataona dzungu lovala chipewa anafa nacho chiseko.

"Mkazi mnzanga, mwabereka liti ameneyu?" anakuwa Felesiya. "Mutuwo ndi wa amuna anga ndithu!"

Nachanza anapinda mawondo pang'ono pamaso pa mwamuna wake, akumwetulira.

"Bambo a Sungeni, mlendo uyu wafika mochedwa. Akuti nayenso akufuna alawe ambulera."

"Abwere!" anatero Wedisoni akuseka. "Muno ndi mwa aliyense. Dzazaninso kheni!"

Anaimanso monga poyamba, phewa ndi phewa. Felesiya anagundanso bingu lake n'kupendeketsa kheni. Madzi anagwa kuti waa! Anthu anayamba kuwomba m'manja. Koma amene anaima kumbuyo anasiya msanga. Nachanza anamva madzi akugunda dzungu, kenako akulowa m'chitenje, kenako akutsika ndi msana wake, ozizira ngati mpeni. Sanasunthe. Anadikira mpaka kheni yonse itatha.

Atatero anamasula chitenje, n'kutsitsa dzungu. Anavula kachipewa kaja n'kukapereka kwa mwamuna wake ndi manja awiri.

Wedisoni anakalandira akumwetulirabe. Kanali kolemera. Anakafinya, ndipo madzi anatuluka pakati pa zala zake, chuchuchu, n'kugwera pamapazi ake.

Felesiya anatsegula pakamwa kuti aponye nthabwala, koma anatsekanso.

Wedisoni anayang'ana kachipewako nthawi yaitali. Kenako anayang'ana mzere wa timaenje, n'kuyang'ana khomo la nyumba mmene munagona mwana wake. Nachanza sankadziwa ngati mwamunayo akwiye kapena aponye ambulera kutchire.

"Ndinayeza mwana ali pamphasa," anatero Wedisoni ndi mawu otsika.

Anthu anayamba kupereka nzeru. Wina anati asokerere chigamba kumbuyo. Koma matumba anali atatha. Wina anati apange ina yaikulu. Koma nsungwi zinali kumtsinje, ndipo tsiku linali litapita. Wina anati mwana amunyamule kutsogolo. Amayi onse anamuyankha pamodzi kuti ayese iyeyo kuyenda maola awiri m'matope oterera mwana ali m'manja.

Wedisoni anaika ambulera pansi n'kuizungulira, kachipewa kali m'dzanja. Anaizunguliranso. Mwadzidzidzi maso ake anawala monga amawalira akaona chinthu chothyoka.

"Amake Sungeni, berekaninso mlendo wanuyo."

Anagwada n'kuyamba kumasula mphira za pachogwirira, zija anamanga pakati penipeni. Anasuntha ndodoyo n'kuipititsa kufupi ndi nsonga imodzi ya mtanda, n'kuimanganso. Kenako anatembenuza ambulera yonse. Sinalinso yopingasa. Utali wake tsopano unachoka kutsogolo kupita kumbuyo. Anapatsa Nachanza ndodo kuti agwire pachifuwa. Kachigawo kakang'ono kanaphimba nkhope yake. Chigawo chachikulu chonse chinapita kumbuyo, pamwamba pa dzungu, n'kupitirira.

Koma kumbuyoko kunalemera. Ambulera inagwa chagada n'kukhala pamutu pa dzungu.

"Yakana," anatero wina.

"Siinakane. Ikufuna mwendo wachiwiri."

Wedisoni anathamangira kumpanda, n'kudula kamtengo ka mphanda. Anaima kumbuyo kwa mkazi wake, natambasula dzanja, n'kukweza mchira wa ambulera ndi mphandayo. Denga linawongoka. Pansi pake panali Nachanza ndi dzungu. Wedisoni anali kunja.

"Nanga inu mukhala pati, amuna anga?" anafunsa Felesiya.

"Pompano."

"Pamvula? Ndiye ambulera ya anthu awiri ija yathera pati?"

"Awiriwo si awo mukuwaonawo? Ndinawerenga molakwa. Thirani madzi!"

Nachanza anaveka dzungu kansalu kouma. Felesiya anathira kheni yachitatu, ndipo ulendo uno sanachite nthabwala ya bingu. Madzi anatsika ndi msana wa ambulera, n'kudutsa pamwamba pa dzungu, n'kukagwera pamkono ndi pachifuwa pa Wedisoni. Iye anangotsinzina diso limodzi, dzanja osagwedera. Kheni itatha, Felesiya anadumpha pangolo n'kuthamangira kukagwira kansalu kaja. Anakakweza m'mwamba kuti onse aone.

"Kouma! Kouma gwaa!"

Nthungululu za ulendo uno zinaposa zoyamba zija, mpaka Sungeni anadzuka m'nyumba n'kuyamba kulira. Nachanza anathamanga kukamutenga, misozi ndi chiseko zili pamodzi. Wedisoni anavinanso, malaya atamatirira pathupi.

Lachinayi kunacha ndi mvula, monga mwa khalidwe lake. Nachanza anaveka Sungeni kachipewa kaja, kamene anakaumitsa pamoto, n'kumubereka bwinobwino. Buku la kuchipatala analibisa pachifuwa. Wedisoni anapinda kathumba kakale kobookabooka n'kukavala kumutu, koma sikanathandize kanthu. Ananyamuka, mkazi patsogolo atagwira ndodo, mwamuna pambuyo atagwira mphanda.

Poyamba zinavuta. Nachanza akafulumira, mchira unkagwa. Wedisoni akafulumira, ambulera inkamuphimba mkazi wake kumaso. Anakangana pang'ono, anaseka, kenako mapazi awo anamvana.

Atangotuluka m'mudzi analowa kanjira ka pakati pa minda. Chimanga chinali chitatalika kuposa munthu, uku ndi uku, ndipo kanjirako kanali ka munthu mmodzi. Ambulera inadutsa bwinobwino, masamba akungoikhudza m'mbali. Nachanza anazindikira kuti ikanakhala yopingasa monga poyamba, sikanalowa n'komwe m'kanjirako. Anamva Wedisoni akuseka yekha kumbuyo, ndipo anadziwa kuti nayenso waona.

Pagolosale ya m'mphepete mwa dambo panali amuna atabisala mvula pakhonde. Ataona chinthu choyera cha miyendo inayi chikutuluka m'chimanga, anaimirira onse.

"Wedisoni! Masiku ano mwayamba kuyenda kumbuyo kwa akazi?"

"Kumbuyo kuno n'kumene kuli abwana," anayankha Wedisoni, maso ali pa Sungeni.

"Nanga mwanyowa chotere bwanji, ambulera muli nayo?"

"Ndikusamba. Inu mwasamba lero?"

Anawasiya akuseka.

Ndipo panjirapo panachitika chinthu chimene Nachanza sanachiyembekezere. Mayi wobereka mwana saona nkhope ya mwana wake. Amangomva kulemera ndi kutentha kwake, n'kumaganizira zotsalazo. Chibadwire cha Sungeni, Nachanza ankayenda chomwecho, khutu lili kumsana. Koma tsiku limenelo kumbuyo kwake kunali maso.

"Akuyang'ana denga," anatero Wedisoni. "Akudabwa ndi phokoso."

Anayenda pang'ono.

"Wayamba kuyamwa chala."

"Chipewa chili bwino?"

"Chapendekeka. Imani." Dzanja lonyowa analipukuta kaye mkati mwa malaya, n'kukonza kachipewako ndi zala ziwiri. "Tiyeni. Ee, akundiseka! Amake Sungeni, mwana uyu akundiseka ine!"

"Akuseka kathumba kali kumutu kwanuko."

Atawoloka kamlatho ka mitengo, mawu a kumbuyo anatsika.

"Wagona. Kamutu kagwera chagada. Yendani bwino, madzi ali kutali naye."

Nachanza anayenda maola awiri amenewo mopepuka ngati sanabereke kanthu. Ulendo wa phewa ndi phewa uja sanaukumbukirenso.

Kuchipatala anasiya ambulera pakhonde, anthu ataizungulira. Namwino uja anawalandira. Choyamba anavula Sungeni kachipewa n'kukafinya m'dzanja. Anagwira chitenje kumsana. Anagwira timapazi. Kenako anamvetsera pachifuwa nthawi yaitali, kutsogolo ndi kumbuyo.

"Chifuwa chayera," anatero namwino. "Mwamusamala mwana uyu."

Atatero anatembenuka n'kuona Wedisoni ataima pakhomo, akunjenjemera, madzi akuyenderera kuchoka m'buluku n'kupanga kadziwe pasimenti.

"Koma bambo inu! Kwanu kulibe ambulera?"

"Ilipo, amayi," anatero Wedisoni, mano akugundana, nkhope yonse ili chimwemwe. "Ya anthu awiri. Ndapanga ndekha. Ili panjapo, pakhomo pano siingalowe."

Tsono inu amene mwandimvetsera, abambo ndi amayi anzanga, fanizo langa lathera pamenepo. M'nyumba zathu timapanga maambulera tsiku ndi tsiku. Timapangana za munda, za ulendo, za chakudya, ndipo timayeza bwino ndithu, theka lako, theka langa. Koma timayeza amene aimirira pabwalo, amene ali ndi pakamwa. Pamphasa pamakhala wina amene sanafunsidwe: khanda, wodwala, nkhalamba imene yasiya kudandaula. Madzi amene ife tawathawa amakagwera iyeyo, onse pamodzi.

Musanamange mfundo yomaliza, pititsani dzanja kumsana. Mukapeza kuti wina munamuiwala, musachite manyazi kumasula mphira anthu akuona. Ndipo inu amene mwaona mzere wa madontho anzanu akuvina, musakhale chete poopa kuwononga chisangalalo. Ngati pakamwa pakulemera, dzungu lilipo.

Chogwirira sichikhala pakati nthawi zonse. Chisunthireni kumene kuli wofooka. Wina adzanyowa, inde. Anyowe amene angathe kudziumitsa yekha.